Kokonati wa Asewele mu Jeke ya Fodya

Uthengawu anabwera nawo ndi achimwene anga a Lodzani, omwe ndi ankhoswe a mwana wanga Tiyamike. Ndikanadziwa komwe kathumba kamene anamangirira panjinga kaja kadzandifikitse, bwenzi nditawauza kuti abwerere nako. Koma poti Mulungu sationetsa za mawa, ndinawayalira mphasa ndi chimwemwe.

"Achemwali, Loweruka lino muli ndi alendo," anatero. "Mayi ake a mnyamata wa ku Karonga uja akubwera kudzaona pakhomo pomwe Tiyamike anakulira. Akakhutira, tipangana tsiku la chinkhoswe. Atsogoza katunduyu."

M'kathumbamo munali mpunga wonunkhira ndi zinthu zitatu zobulungira, zaubweya, chilichonse chili ndi timaso titatu ngati nkhope ya pusi.

"Nanga izi?"

"Kokonati. Akuti Tiyamike anawauza kuti palibe chakudya chimene amayi ake sadziwa kuphika, ndiye akufuna adzalawe mpunga wa kokonati wa m'manja mwanu. Mumautha eti?"

"Aa, kokonati yemweyu?" Ndinayankha choncho ine (Ambuye andikhululukire, dzinalo ndinkangoliona pamapepala a mabisiketi). Ndikanatani? Mwana wanga anali atandichemerera kwa eni ake. Ndikanati sindidziwa, ndiye kuti Tiyamike wayamba ndi bodza asanalowe n'komwe m'banjamo.

Inali nyengo yogula feteleza wa makuponi, ndipo bambo a Tiya ankangokhalira pamzere ku Nkhamenya. Tiyamike naye anali ku Mzuzu kumene amasoka, ndipo ankayenera kudzabwera ndi alendowo. Choncho pakhomo tinatsala ine ndi apusi atatuwo.

Kunena zoona, mantha asanandigwire ndinayamba ndachita nacho chidwi chinthucho. Ndinachitembenuza uku ndi uku kufuna pomwe Mlengi anaika khomo. Dzungu lili ndi poyambira, bwemba umangomufinya, ngakhale dambe lili ndi nzeru yake. Koma ichi ayi. Nditachigwedeza pafupi ndi khutu ndinamva khuchukhuchu m'kati. Kwathu kuno chinthu chikalira choncho ndi dzira losukusa. Ndinagwedeza chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatunso. Ndinawamvera chisoni asewele angawo, mayi a mnyamata uja, kuti ogulitsa awapusitsa, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindidzawachititsa manyazi powauza kuti mphatso yawo ndi yowola.

Lachisanu m'mawa ndinayamba ntchito. Mpeni unangoterereka. Ndiye ndinaganiza kuti palibe chouma chimene moto sufewetsa: nyemba zimagonja, ziboda za ng'ombe zimagonja. Ndinaponya kokonati woyamba mumphika n'kusonkhezera. Nkhuni zomwe ndinasungira nyengo ya mvula zinapita theka. Ndinkati ndikavundukula, iye akungovina m'madzimo, timaso take tili pa ine. Dzuwa lili paliwombo ndinamuvuula, ndinamubaya ndi foloko, foloko n'kupindika. Ndinakamubisa kuseri kwa nkhokwe.

Wachiwiri ndinamuika mumtondo. Musi woyamba anangozemba. Musi wachiwiri ndinaika mphamvu zonse za mayi wa ana asanu, ndipo sindinaone m'mene anatulukira. Ndinangomva kuti gu pamphumi, nyenyezi mbwee masanasana, iye uyo akugubuduzika kupita kukhola la nkhuku, alibe ndi kachipsera komwe.

Bambo a Tiya anandipeza nditakhala pakhonde ndikuthowa mphumi. Anatsitsa thumba la feteleza panjinga, n'kundiyang'ana pachotupapo.

"Make Tiya, ine ndimati nkhondo ili kumzere kokha. Kunonso mumalimbirana makuponi?"

Nditawafotokozera anati, "Bwanji osakafunsa akazi a aphunzitsi? Paja kwawo ndi ku Nkhotakota."

"Kuti mawa kuchitsime aliyense adziwe? Ayi bambo, ndithana naye ndekha."

Anamunyamula kokonatiyo, kumugogoda ndi chala, kumununkhiza. Ndinaona kuti chidwi chija chawagwira nawonso.

"Pakhomo pano chilipo chinthu chimodzi chimene sichinalepherepo kuphwanya kanthu," anatero. "Tiyeni kuchigafa."

Kwa inu amene simulima fodya, jeke ndi chibokosi chomwe timathinikiziramo fodya pomanga mabelo. Mumaika thabwa pamwamba, n'kumapotokola chitsulo mpaka fodya wodzaza ngolo asanduke belo limodzi. Yathu yagwira ntchito kuyambira Tiyamike ali kumsana, ndipo pansi pake pamakhala fumbi la fodya lomwe tsache silichotsa. Tinamukhazika kokonati m'menemo, bambo akupotokola, ine nditasuzumira pampata kuti ndione bwino m'mene atsegukire. Chitsulo chinalira, thabwa linalira, kenaka phwa. Timadzi ta m'kati mwake tinayenderera m'fumbimo (ine n'kumati zikomo, zowola zachoka zokha).

Koma abale, m'kati mwake munali moyera bwanji. Sindinaonepo kuyera kotero pa chinthu chomera. Ndinaima kaye n'kutamanda Mulungu amene amabisa zokongola m'zikhokhombe zonyansa. Vuto linali lakuti jeke sidziwa kuleka: zoyerazo zinali zitakanyika pamodzi ndi fumbi la fodya. Ndinazitola, kuzitsuka katatu, n'kuzivundikira m'mbale.

Loweruka ndinazidula ngati mbatata ndi kuziponya mumpunga. Nditalawa, lilime linachita dzanzi, kukhosi kukuyabwa ngati ndameza ndudu ya chingambwe. Ndisanaganize chochita, ndinamva "Odi" pabwalo.

Asewele anali mayi wamtali, wofatsa, wovala chilundu chowala. Anandipatsa moni mwaulemu, maso awo n'kuima pang'ono pachotupa cha pamphumi, koma sanafunse. Tiyamike anandinong'oneza kukhitchini, "Amayi, zatheka?" Ndinangoti, "Tenga mbalezi." Mwanayo anamwetulira mondikhulupirira, ndipo mtima wanga unagwa.

Titakhala pamphasa, achimwene anati, "Achemwali, tipempherereni chakudya."

Apa ndi pomwe zinandithera. Munthu ndingathe kumunamiza, ndaonetsa kale. Koma kutseka maso n'kuuza Mulungu kuti adalitse chakudya chimene ine ndi Iye tikudziwa komwe chadzera, zinandikanika. Ndinayamba bwinobwino, kuthokoza ulendo wa alendo. Kenaka pakamwa panangotseguka.

"Atate, Inu mukudziwa kuti kokonati ameneyu sindinamuonepo chibadwire. Mukudziwa kuti woyamba ndinamuwiritsa mpaka nkhuni kupita theka. Mukudziwa chimene chinatupitsa mphumi yangayi. Munalipo, Ambuye, pamene tinamuika mujeke ya fodya. Mwana wanga sananame, ananena zimene amakhulupirira za mayi ake. Wonama ndine. Ngati n'kotheka, alendowa asadwale. Amen."

Palibe anayankha amen. Nditatsegula diso limodzi ndinaona Tiyamike ataphimba nkhope ndi chitenje, bambo ake akuyang'ana kudenga, achimwene akukanda m'mutu. Asewele anali ataweramira pansi, mapewa akugwedezeka. Ndinati basi, ndawaliza, ukwati wa mwana wanga ndauphera mujeke. Atadzutsa mutu misozi inalidi mbwembwembwe, koma inali ya kuseka.

"Mujeke, amama?" anatero akupukuta m'maso. "Tiyeni mukandionetse jekeyo. Kwathu timalima mpunga, sindinaionepo."

Tinapita nawo kuchigafa. Anaizungulira, kuigwiragwira, kufunsa kuti belo limatuluka bwanji, monga momwe ine ndinkachitira ndi kokonati wawo. Kenaka anati, "Ndinatumiza atatu. Winayo ali moyo?"

Ndinabwera naye, n'kuwachenjeza motsitsa mawu kuti akumveka wosukusa. Anasekanso. Anamugwira kudzanja lamanzere, n'kumugogoda pamimba ndi msana wa chikwanje, akumutembenuza pang'onopang'ono. Kachinayi anangoti kang'a, magawo awiri ofanana, madzi n'kugwera m'kapu. Anandipatsa kuti ndimwe. Zomwe ndinkati zowola zija zinali zotsekemera, zoziziritsa kukhosi.

Bambo a Tiya anaboolaboola chivundikiro cha chitini ndi msomali monga asewele anawauzira, ndipo mayiwo anandionetsa kupala zoyera zija mpaka zikhale ngati deya. Tinathirako madzi ofunda, kufinya pakansalu koyera, ndipo munatuluka mkaka weniweni. Mkakawo ndiwo amaphikira mpunga, osati zidutswa. Tinaphika limodzi mpunga wotsala uja, iwo akulondolera, ine ndikutakasa, Tiyamike akusonkhezera moto uku akundiyang'ana cham'mbali. Tinadya mochedwa, koma tisanasambe m'manja kachiwiri asewele anatembenukira kwa achimwene.

"Ankhoswe, tchulani tsiku. Yewo chomene, zikomo kwambiri, pakhomo pano ndapaona."

Mpunga woyamba uja ngakhale galu anaukana.

Pano Tiyamike ali pabanja ku Karonga, ndipo ndi woyembekezera. Inu amene mwawerenga izi, mutikumbukire m'mapemphero anu: mwanayo achire bwino, asewele anga akhale ndi moyo wautali, ndi bambo a Tiya asiye kundifunsa pagulu ngati pali china choti tiike mujeke. Kokonati wowiritsa uja ndinamukwirira kuseri kwa chigafa, ndipo ndimamuthirira. Bambo akuti mbewu yophika simera, inenso ndikudziwa, koma m'mawa uliwonse ndimakasuzumirabe. Ameneyo musavutike naye, ndimamupempherera ndekha.