Chibemba cha apongozi anga

Mpaka lero kumphakati wathu ku Parklands ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Chidandifikitsa pamenepa ndi pakamwa pangapa.

Apongozi anga, amayi a amuna anga, adabwera kuno ku Kitwe kuchokera ku Katete ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi. Miyezi isanu ndi itatu ndidalimbana nawo kuwaphunzitsa rimoti ya TV. Batani limodzi lokha, lofiira. Ndidalimata pulasitala, ndidalijambula papepala, koma ndikangolowa kukhitchini:

"Amake Chisomo, chazimanso ichi."

Ndidatopa nazo. Ndidagamula kuti mutu ukakalamba chonchi sulowanso kanthu katsopano, ndiye ndidayamba kudandaula pafoni m'Chibemba, iwo ali pomwepo (adabwera osadziwa ndi moni yemwe). "Aba bakote balancusha," ndinkatero kwa mnzanga, kutanthauza kuti nkhalambayi ikundizunza. Zoti masana onse amakhala pageti ndi mayi wogulitsa tomato wa ku Ipusukilo sindidazilabadire. Ndinkati akuothera dzuwa.

Tsiku lina mphakati udadzapempherera kwathu. Pabalaza padadzaza, amuna anga aliponso, ndipo wapampando adapempha alendo kuti adzitchule. Ndidaimirira kuti ndiwayankhulire, koma adandiletsa ndi dzanja.

"Nine bakote abacusha bana Chisomo," adatero. Ndine nkhalamba yozunza amake Chisomo, m'Chibemba chosalala kuposa changa.

Azimayi adabisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Ine thukuta kamukamu, koma m'malo mokhala chete ndidawonjeza moto.

"Amangobwereza za pa TV, tanthauzo sadziwa."

"TV yake iti, yozima ija?" adafunsa apongozi. "Ndomfwa fyonse. Ndimamva zonse, chiyambire Pasaka."

Anthu atapita ndidagwada kupepesa, manyazi ali tho, komabe mtima ukuwira.

"Nanga amayi, chinenero chathunthu mwachigwira, batani limodzi likukukanikani bwanji?"

"Watomato uja amakhala nane pansi, ndiye zimalowa. Inu mumaphunzitsa choimirira, maso ali kukhitchini." Adaloza rimoti ija. "Komanso ndikalidziwa batanilo, mudzabweranso pabalaza pano kudzatani?"



Rimoti sadaidziwebe. Akaitana ndimapita, ndimayatsa, n'kukhala pansi. Zodandaula sizidathe ayi, moti ndimati ndiphunzire Chilozi kuti asamandimve. Koma wotigulitsa makala ndi Mlozi, ndipo dzulo ndidawamva apongozi akupatsana naye moni pageti.