Mizimu Itatu ya pa Phiri la Mtukutu

Dilu yonse inapsera pa Ulongwe, kuseri kwa chigayo chomwe njala ya 2002 inachitseka pakamwa. Yoram, yemwe ankadzitcha Jenerale ngakhale sanawomberepo ndi legeni yomwe, anagula kabotolo kamodzi ka kachasu n'kuitana asilikali ake awiri, Dyton wotchedwa Sipanala ndi Wadson wotchedwa Mimba.

"Aise, Loweruka kuli mwambo wa nsembe ku kachisi wa pa Mtukutu," anatero Jenerale. "Hilary uja amayendetsa alendo akubweretsa azungu kuchokera ku Liwonde. Mphatso yawo ndi thumba la mpunga ndi mbuzi ziwiri."

"Tikaba bwanji masanasana anthu ali piringupiringu?" anafunsa Sipanala.

"Nzeru, mphwanga! Nthano imati kalekale mizimu itatu yoyera inatuluka m'phanga kudzalandira nsembe. Tidzola phulusa, tituluka, anthu aliyatsa liwiro. Ife mpunga pamutu, mbuzi pachingwe."

"Nanga nthanoyo imatha bwanji?" anafunsa Mimba.

"Ukufuna mathero kapena mpunga?"

Vuto la Yoram linali lomwelo, sankamvera nkhani mpaka kumapeto. Komanso anali pamoto: mkazi wake Modester anali atamuuza kuti ana atopa ndi mango osapsa owiritsa, ndipo akabweranso chimanjamanja akagone komwe amamwako.

Loweruka akuluakulu aja anabisala m'phanga kuyambira mbandakucha, ali mbuu ngati mbatata zootcha. Ng'oma zitafika pachimake, Jenerale anakuwa ndipo onse atatu anatulukira poyera.

Palibe anathawa. Azungu anawomba m'manja, makamera n'kuyamba kuthwanima. Hilary, yemwe sanakonze zimenezi, anayamba kufotokoza mu Chingerezi ngati anazidziwa kale.

A Blasius, osunga kachisi, anayang'anitsitsa mizimuyo. Wapakatiyo anali atavala patapata womanga ndi waya, yemweyo amene iwo anataya pamaliro mwezi wathawo. Mkuluyo anagwada mwaulemu wonse.

"Takulandirani, makolo athu. Yalani mphasa, mizimu ikhale!"

"Jenerale, tithawe," ananong'ona Sipanala.

"Iyayi, khala phee. Atipatsa okha, dilu yaphweka."

Mbuzi zinaphedwa, mpunga unaphikidwa m'madiramu odula pakati. Fungo linakwera phiri lonse, ndipo mimba ya Mimba inayamba kuyankhana ndi ng'oma.

Kenako a Blasius anaimirira. "Alendo athu amve mathero a nthano. Mizimu siyankhula, ndipo siidya. Gawo lake ndi fungo. Chakudya ndi cha munthu aliyense wafika pano ndi miyendo yake."

Kunena zoona, apa ngakhale ine wokamba nkhanine ndinawamvera chisoni. Mbale iliyonse inkayamba yadutsa pamphuno pa mizimu, kenako n'kupita kwa mwini wake. Anadya a ku Nsanama, anadya asodzi a ku Chiuta, anadya ngakhale zidakwa zinzawo za pa Ulongwe, zomwe zinangobwera ndi mbale popanda pulani iliyonse.

Pamzerepo panalinso Modester ndi ana ake. Mayiyo anamuzindikira mwamuna wake poona makutu ake. Anagwada, n'kumuyandikizira nthuli yonona pamphuno penipeni.

"Nunkhizani bwinobwino, agogo," anatero motsitsa mawu. "Kunyumba kulibe ngakhale fungolo."

Misozi inalemba mizere iwiri paphulusa la Jenerale. Koma amene anagonja anali Mimba. Ataona mayi wina akukokota diramu lomaliza, anadzambatuka.

"Ine si mzimu ayi! Ndine Wadson, mwana wa a Elliam! Timafuna kuba, inde, koma tandigawireniko kaye!"

Phiri lonse linafa ndi phwete. Sipanala anati athawe, koma anakodwa m'chingwe cha mbuzi, chinthu chokhacho chimene gululi linagwirako tsikulo.

"Ana inu," anatero a Blasius akupukuta misozi ya chiseko, "mukanabwera ngati anthu, bwenzi mutakhuta. Yoram, vula patapata wanga, mukatsuke madiramu."

M'madiramumo munalibe ndi kanjere komwe, ana anali atanyambitamo kale. Ali mkati motsuka, Hilary anafika akumwetulira.

"Madala, alendo akondwa kwambiri. Akuti chaka chamawa mudzatulukenso."

Jenerale anadzutsa mutu, maso n'kuwala. "Malipiro ake?"

"Monga mwa mwambo," anayankha Hilary.