Nkhondo ya Mbawa ya Pamalire

Tcherani makutu, inu mibadwo yamawa, ndipo inu olemba mbiri songolani mapensulo anu, pakuti ndikunena za masiku oopsa aja pamene bungwe lina lachifundo linalengeza kuti lidzalipirira munthu mmodzi, mmodzi yekha basi, maphunziro a digiri yachiwiri ya zankhalango, malinga akhale ndi mtengo wosowa woti aufufuze.

Pamalo ofufuzira zamitengo panali ngwazi ziwiri. Woyamba anali bambo Tepi, Woyeza Zosayezeka, Mkumbatira-Mitengo, amene akazi awo anali atalengeza kale kwa aneba onse kuti m'nyumba mwawo mukubwera pulofesa. Wachiwiri anali mayi Mbande, Mfumukazi ya Machubu, Namondwe wa ku Nazale, amene anakalambira kuthira dothi m'machubu, timapepala takuda tofeseramo mitengo, pamene ana omwe iwo anawaphunzitsa kugwira khasu ankabwerako kusukulu ali mabwana awo. Kwa onse awiri mwayiwu unali womaliza, poti zaka zovomerezeka zinali kuwathera. Ndipo m'nkhalango yonseyo munatsala mbawa imodzi yokha yakalekale, itaima ndendende pamalire a gawo la bambo Tepi ndi gawo la mayi Mbande. Atambala awiri salira m'khola limodzi.

Anayamba ndi bambo Tepi. Anafika ndi chitini cha penti yofiira, napaka chizindikiro chawo kum'mawa kwa thunthu, nafuula kuti anyani amve:

“Mtengo uwu ndauyeza ine chiyambire! M'chiuno mwake ndimadziwamo kuposa m'chiuno mwa thalauza langa. Aliyense wougwira wagwira ine!”

Mayi Mbande anatulukira atanyamula penti yabuluu, nsapato zamvula zikugunda pansi ngati ng'oma.

“Achimwene, musandiseketse. Mizu yake ikumwa madzi kwa ndani? Inu mwangokhala ndi mthunzi. Mthunzi amalembera digiri?”

“Chemwali, nthambi zazikulu zaloza kwanga!”

“Zaloza kwanu pokusonyezani njira yobwerera.”

Tsono mwambo wa akatswiriwa ndi wakuti wofufuza mtengo amadulako kachikhungwa pamlingo wa pachifuwa, n'kukaika m'botolo kuti akapime. Bambo Tepi anadula kawo kum'mawa. Mayi Mbande anadula kawo kumadzulo, kokulirapo pang'ono, kuti anthu aone amene ali ndi khama. Kutacha bambo Tepi anaona chipongwecho, mtima unawawa, nadula kena pambali pa koyamba, kulanda dziko. Mayi Mbande anabwezera. Motero magulu ankhondo awiriwa anayenda mozungulira thunthu, wina kudzera kumpoto, wina kumwera, mabotolo akudzaza mashelefu mpaka makapu a tiyi anasowa pokhala, kufikira tsiku laulemerero limene mipeni yawo inakumana ndipo panalibenso khungwa loti alimbirane.

Wophunzira zankhalango aliyense wa chaka choyamba amadziwa kuti mtengo ukausenda khungwa kuzungulira, wauphera pomwepo. Ngwazi zathu zinkadziwanso, zinkaphunzitsa ndithu anthu a m'midzi zimenezi, koma pankhondo munthu sayang'ana kuseri kwa thunthu. Masamba anayamba kufota, kenaka kuyoyoka. Mbawa imene inapirira moto, chilala ndi ocheka matabwa inafa m'manja mwa oiteteza, ndipo ine wolemba mbiri ndinamva chisoni chenicheni.

Zinafika pa mwana wakana phala pamene nthumwi ya bungwe lija inabwera kudzaona mtengo wotchukawo. Inazungulira thunthu, inavula magalasi, inavalanso. Bambo Tepi thukuta linali kamukamu. Mayi Mbande ankayang'ana nsapato zawo, akuona machubu akuwadikira mpaka tsiku lopuma ntchito.

“Zachilendo izi!” inatero nthumwi. “Matenda odya khungwa mozungulira, molunjika chonchi, pamlingo umodzi? Sindinaonepo! Mliri umenewu ukafalikira, nkhalango zatha. Apa munthu mmodzi sangakwanitse. Tilipirira awiri. Alipo amene akuudziwa bwino mtengowu?”

Kenaka bambo Tepi anatsokomola, nayang'ana mdani wawo ndi maso achikondi.

“Bwana, palibe woudziwa kuposa chemwali angawa.”

“Ayi, achimwene, musadzichepetse,” anatero mayi Mbande. “Mbali yakum'mawayi ndi inu katswiri.”

Mtendere unakhazikitsidwa madzulo omwewo kuseri kwa nazale, kumene ngwazi ziwirizi zinakumba dzenje limodzi, mosinthana khasu, n'kukwirira mabotolo onse mwaulemu woyenera asilikali ogwa pankhondo. Zinagawana botolo limodzi la chakumwa chozizira, zinalumbira kuti wina sadzasiya mnzake, poti aliyense ankadziwa bwino chimene mnzakeyo angaulule.

Lero onse awiri ali kusukulu yaukachenjede, akufufuza usana wonse gwero la mliri woopsawo. Malipoti awo amagwirizana pa mfundo imodzi: chimene chinapha mbawa sichinapezeke, ndipo pakufunika kafukufuku wina, wa digiri yachitatu.