Kwa Nduna Imene Inapaka Ndege Zathu Penti

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zamlengalenga ndi Zikondwerero,

Bwana Nduna,

Ndagwada. Mawondo anga ndi okalamba ndipo mwina akana kudzukanso, koma kalata yopita kwa munthu wamkulu ngati inu salemba chiimirire. Ndine Hilário Nacuo, kaputeni wopuma ntchito. Ndinayendetsa ndege zankhondo za dziko lino inu musanaphunzire kumanga tayi, ndipo lero ndimalima mbibu kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege la asilikali kuno kumpoto. Ndinenso bambo wa Lefutenanti Ivete Nacuo, amene munamutchula pa wailesi sabata yatha kuti anawononga katundu wa boma chifukwa cha mantha achizimayi. Mayi ake, Ancha, andichenjeza kuti, "Lembani kalatayo, koma mukatukwanamo akumangani, ndipo ine sindingasamale mwana kuchipatala ndi nkhalamba kundende." Choncho muno mulibe chitukwano. Muli kuthokoza kokhakokha.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa mbiri. Munanena kuti ndege zathu za jeti ndi za m'badwo watsopano. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa ine ndi ndegezo ndife a m'badwo umodzi.

Mundilole ndiwonjezerepo pang'ono. Ndege za jeti zinabadwa chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene Ajeremani ndi Angerezi anasiya kukoka ndege ndi chopukusa cha pamphuno nayamba kuikankha ndi moto wotuluka kumchira. Kuno kwathu zinafika ufulu utangobwera, zili m'mabokosi, pa sitima yapamadzi. Boma linasankha anyamatafe ndi kutitumiza kudziko lozizira la azungu kukaphunzira. Kumeneko tinkadya kabichi wowawasa ndi kulira nsomba za kwathu. Mphunzitsi wathu Gennadi, mzungu wopanda mano akutsogolo, ankamenya phiko la ndege ndi chikhatho n'kunena kuti, "Nacuo, chitsulo ichi sichidziwa chipani. Ukachinamiza pansi, chikakuyalutsa kumwamba."

Ndege yoyamba tinkaitcha Mlamba, chifukwa inali ndi kukamwa koyasama kutsogolo ndi mapiko opindikira kumbuyo. Kenako kunabwera ina yowonda, ya mphuno yosongoka, yothamanga kuposa phokoso lake lomwe. Imeneyo tinaitcha Mkondo. Tsiku limene ndinaithamangitsa koyamba pamwamba pa tauni yathu, magalasi a kutchalitchi anasweka, nkhuku zinasiya kuikira, ndipo apongozi anga anauza mwana wawo kuti, "Ancha, wakwatiwa ndi mfiti ya boma." Nthawi imeneyo, Bwana, Mkondo unali ndege, ndipo ine ndinali ndi tsitsi.

Chachiwiri, zikomo kwa inu ndi amene anakhala pampando wanuwo inu musanabwere, posunga ndegezi mosamala. Nkhondo yathu yapachiweniweni itatha, dziko lozizira lija nalonso litaphwasuka, zitsulo zosinthira zinasiya kubwera. Mikondo inakhala pa udzu zaka zoposa makumi awiri. Matayala anaphwa, mbuzi zinapeza mthunzi pansi pa mapiko, njuchi zinamanga m'mphuno. Uchi wake alonda ankagulitsa pachipata, ndipo ndikuchitira umboni kuti unali wokoma. Ndimamva kuti mayiko olemera anawononga chuma chambiri kupanga ndege zimene makina ounikira mlengalenga sazitha kuziona. Zathu palibe makina amene anazionapo mlengalenga zaka zonsezo. Tinawatsogolera, Bwana, popanda kudzitama.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha penti. Mutaganiza zoti Mikondo inayi iuluke pa chikondwerero cha asilikali, munapereka ntchito yoikonza kwa kampani ya mlamu wanu, munthu wodziwika bwino pa ntchito yopenta masukulu. Sanatikhumudwitse. Ndege zinatuluka zikuwala ngati mbale za paukwati, mbendera itajambulidwa kumchira mosalakwitsa mtundu ndi umodzi womwe. Injini sanazitsegule, ndipo ndikumvetsa. Ndi mwambo wathu, nkhalamba saivula pagulu. Inenso nditaona zimenezo ndinagula mankhwala odetsa ndevu, koma Ancha akuti chifuwa changa chikumvekabe chimodzimodzi.

Chachinayi, zikomo pokonda mwana wanga. Ivete anaphunzira kunja pa ndege za masiku ano, ndipo atabwerako munaika nkhope yake pa zikwangwani m'misewu yonse, pambali pa yanu. Pansi pake munalemba kuti mkazi nayenso angathe. Anthu ankatipatsa moni pamsika ngati ndife eni dziko.

Lamlungu lina anabwera kunyumba kudzadya chigwada cha kokonati cha mayi ake, koma ankangochitembenuza m'mbale.

"Papa," anatero, "Mkondo uja andipatsa kuti ndidzayendetse ukutsokomola ngati inu m'mawa."

Ndinamufunsa ngati wauza mkulu wake wa kuntchito. Anati anamuuza, amakaniko nawonso anamuuza, koma mkuluyo anayankha kuti Anduna alamula zinayi, ndiye ziuluka zinayi.

"Ndiye ukane," ndinatero.

"Ndikakana anena kuti mkazi waopa. Kenako akwezamo mnzanga Jafar, ndipo mkazi wa Jafar ali ndi pakati."

Loweruka m'mawa ankayeserera za chikondwererocho. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mbibu, ndikutola zogwa. Ndege zitadutsa ndinaimirira kumvetsera, monga ndimachitira nthawi zonse. Zitafika pamwamba pa msika, imodzi inangoti zii. Inu simunamvepo bata limeneli, Bwana, ndipo sindikukufunirani. Mkondo ukazima moto suuluka ngati mphamba ayi, umagwa ngati mtondo.

Malamulo amati injini ikafa uli pafupi ndi pansi, koka chogwirira, mpando ukuponye kunja, ndege idziwe yokha kogwera. Kogwera kwake kunali msika wa Loweruka, wodzaza ndi amayi a nsomba ndi ana awo kumsana. Ivete sanakoke. Anaikhotetsa ndegeyo, naikakamiza kudutsa madenga onse mpaka kumadambo opangirako mchere, ndipo anakoka atatsala pang'ono kukhudza mitengo. Mpando nawo, umene unapentedwa bwino kwambiri, unachedwa kuganiza. Parachuti inatseguka theka. Amayi okolola mchere ndi amene anamutola m'matope namunyamulira pa chitenje mpaka pamsewu. Ine ndinathamanga ulendo wonsewo ndi dengu la mbibu m'manja, osadziwa kuti ndalinyamula.

Palibe munthu wa m'tauni muno amene anafa tsiku limenelo. Msana wa mwana wanga unathyoka pawiri, ndipo madokotala akuti miyendo tiyiiwale. Ngati amenewa ndiwo mantha achizimayi, Bwana, ndikupempha kuti muwagawireko amuna a mu ofesi yanu.

Chachisanu, zikomo chifukwa cha msilikali amene mwamuika pakhomo la chipinda chake kuchipatala kuti asathawe khoti la asilikali lisanamuzenge mlandu mwezi wamawa. Ndi munthu waulemu, ndipo amaima tsiku lonse ndi mfuti, maso ali pansi. Ivete anamuuza kuti, "Achimwene, khalani pampandopo. Ndikafuna kuthawa ndikuuzani kuti mundinyamule." Amayi a kumsika amabwera tsiku ndi tsiku ndi mpunga ndi nsomba zokazinga, ndipo msilikali wanuyo amadya nawo. Musamulange. Chakudyacho chimachuluka, ndipo mwana wanga sadya kwambiri masiku ano. Akadzuka amandifunsa funso limodzi lokha: ngati zitatu zotsalazo ziulukebe.

Ndimamuyankha zoona, chifukwa munanena nokha. Munati ndege zilibe vuto, vuto linali woyendetsa, ndipo zotsalazo ndi zabwino ngati zatsopano. Munatinso zidzadutsa motsika kwambiri pamwamba pa bwalo la masewera, pamene ana a masukulu onse a m'chigawo chino adzakhale atafola kukuimbirani nyimbo. Ine ndine yani kuti nditsutse? Ndinangoziyendetsa ndegezo, inu munaziona pa chithunzi zitapentedwa.

Ndili ndi pempho limodzi, laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Mwa ndege zitatu zotsalazo, imodzi ndi yophunzitsira, ili ndi mipando iwiri. Si bwino kuti munthu amene anaukitsa ndege zankhondo za dziko lino adzaonere ulemerero wake ali pansi pa tenti ngati mlendo wamba. Ndikupempha modzichepetsa kuti pa tsikulo mudzakhale pampando wakumbuyo. Musavutike kufuna woyendetsa pakati pa achinyamata, iwo ali ndi ana aang'ono. Ndidzakuyendetsani ndine. Manja anga akukumbukirabe, ndipo ine ndakhala kale moyo wanga. Ndingopempha kuti tidzadutse pamwamba pa nyanja, osati pa ana asukulu, kuti ulemu wonsewo udzakhale wa awirife.

Tikadzatera bwinobwino, Bwana, musadzatumize galimoto kuchipatala. Ndidzamukankha ndekha mwana wanga pa njinga yake ya olumala mpaka pachipata cha ndende, ndipo ndidzakupepesani pamaso pa anthu onse.

Ine wantchito wanu wosayenera kukupukutani nsapato, amene ndikudikira kuti mundiuze kukula kwa mutu wanu kuti ndikusankhireni chisoti,

Kaputeni Hilário Nacuo, wopuma ntchito
Kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege