Ndege ya Ababa Inali ya Mtundu Wanji?

Lolemba

Bokosi lafika! Achimwene a ku Joni alitumiza kudzera mwa dalaivala wa basi, ndipo ndakalitenga nthawi ya nkhomaliro. Poweruka ndalitsegulira m'minibasi momwemo, kudikira mpaka kufika kunyumba ku Chirimba kwandikanika.

M'katimo muli ndege. Osati yathunthu ayi, koma tizidutswa ta pulasitiki totuwa toti ndidule ndekha, ndimate ndekha, ndipente ndekha. Mapiko, chipsepse, propela, timatayala tonga mabatani a malaya. Muli ngakhale kampando ka woyendetsa.

Loweruka likubwerali ababa ndi amayi akukwanitsa zaka makumi asanu ali pabanja. Phwando lili kwawo ku Chilobwe. Achemwali a Esinta agula firiji, ndipo chithunzi chake achiika kale kawiri pa gulu la banja la pa foni. Chabwino. Firiji imaziziritsa madzi. Mphatso yanga iwagwetsa misozi.

Nkhani yake tonse tinakula nayo. Ababa ali mnyamata ku Ngabu, ntchito yawo inali yoima m'munda wa thonje atanyamula mbendera, kuti woyendetsa ndege yopopera mankhwala aone podutsa. Tsiku lina amayi, ali mtsikana, akuchokera kuchitsime ndi mtsuko pamutu, ndege ija inatsika mpaka kugwedeza udzu. Amayi liwiro, kukawomba ababa, onse pansi, mtsuko phwa. Ababa anakagula mtsuko wina n'kukausiya okha kwa agogo. Mapeto ake ndife.

Ndiye ndege imeneyo ndikuimanga, yofanana ndendende. Dongosolo:

- lero: kudula ndi kumata
- mawa: kufufuza mtundu wake weniweni
- Lachitatu: kupenta
- Lachinayi: iziuma
- Lachisanu: ndizingoiyang'ana

Manja ndili nawo. Kusitolo ya magalasi a maso komwe ndimagwira ntchito m'tauni, timasikuluu tonse tating'onoting'ono amandisiyira ine. Madzulo ano mapiko alowa bwinobwino. Guluu wandimata zala ziwiri, koma zamatuka.

Amuna anga asuzumira: "Ndiye iuluka?" Ine ndapitiriza kumata.

Lachiwiri

Tsiku la kafukufuku. Ndikufunsa mochenjera kuti chinsinsi chisaululike.

Amayi pa foni: "Inali yofiira. Yofiira psu. Ukufunsiranji?"

Ababa, foni yomweyo, atailanda: "Amayi akowa asakunamize. Inali yobiriwira ngati tsamba la thonje lisanagwidwe ndi mbozi."

Kumbuyoko ndikumva ayamba kukangana. Ndadula.

Amalume a ku Bangula, mlongo wawo wa amayi, amene ankakhala mudzi womwewo: "Yachikasu. Aliyense akudziwa." Kenako andifunsa ngati ndamva kuti mbuzi zawo zikudwala.

Anthu atatu, mitundu itatu. Sindikudandaula, kafukufuku amatero.

Ndalowa pa intaneti. Kuli gulu la azungu okalamba amene ntchito yawo ndi yomweyi, kumanga tindege n'kumakangana za penti. Ndalemba funso langa mwaulemu. Posakhalitsa mayankho mbwee! Wina akufuna nambala ya pachipsepse. Wina akuti ndisanene "chobiriwira" chabe, chifukwa zobiriwira zilipo zambirimbiri ndipo chilichonse chili ndi dzina ndi nambala yake. Wina akufunsa ngati ndikufuna mtundu wa tsiku lomwe ndegeyo inatuluka kufakitale, kapena itawombedwa kale ndi dzuwa. Dzuwa la ku Ngabu iyeyu sakulidziwa. Awiri ayamba kutukwanana pa nkhani ya chikasu, ine andiiwala.

Ndikusangalala kwabasi. Sindinkadziwa kuti padziko pano pali anthu ovutika maganizo mofanana ndi ine.

Ndakumbukira chithunzi chakale chimene ndinachijambula ndi foni kuchokera mu alubamu ya amayi. Ababa ataima m'munda, kabudula, mbendera m'manja. Ndachikulitsa mpaka kumapeto. Chithunzicho n'chakuda ndi choyera. Ndege ikuoneka kumwamba pakona, yofanana ndi ntchentche.

Chigamulo: amayi anaiona tsiku limodzi akuthawa. Amalume ankaionera patali. Ababa ankaima pansi pake tsiku ndi tsiku. Mboni ndi ababa. Yobiriwira!

Lachitatu

Kuntchito ndapempha tchuthi cha tsiku limodzi.

Ku Limbe, sitolo yoyamba ya penti: "Mukupenta zipinda zingati, mayi?" Ndatulutsa ndege m'chikwama. Aitana mnzawo kuti adzaone. Mnzawoyo waitana wina.

Sitolo yachiwiri ali ndi chobiriwira chimodzi chokha, cha zitseko za pasukulu.

Sitolo yachitatu andilozera ku Ndirande, kwa osakaniza penti ya galimoto. Akuti kumeneko ungopita ndi chinthu cha mtundu womwe ukufuna, akusakanizira pompo.

Vuto: tsamba la thonje mu Blantyre ndilipeza kuti? Ndalowa mumsika wa Limbe, ndapempha tsamba la therere kwa mayi wina. Thonje ndi therere n'zapachibale, masamba ake amafanana. Mayiyo wandipatsa akundiyang'ana ngati ndikupita nalo kwa sing'anga.

M'minibasi tathinana anayianayi, dzuwa likuswa mtengo. Pofika ku Ndirande tsamba lafota, labwerera ku mtundu wina. Ndafotokozera bambo wosakaniza penti kuti aliganizire mmene linalili m'mawa.

Iwo: "Ndiye tisakanize za m'mawa kapena za panopa?"

Za m'mawa.

Adontheza buluu, adontheza chikasu, atakasa ndi kawaya, apaka pa chitini. Ayi, chada. Awonjezera choyera. Chayera kwambiri. Abwezera. Anthu okonza galimoto asiya ntchito, aliyense akupereka maganizo. Wina kwawo ndi ku Chikwawa, analimapo thonje, ndipo wavomereza: "Apo ndiye thonje." Anditsanulira m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa.

Kunyumba ndayala nyuzipepala patebulo. Burashi yanga ndi yopakira nsidze. Mzere woyamba papiko... koma inu! Kukongola kwake! Ikuwala ngati galimoto ya ukwati. Ndapenta yonse, pamwamba ndi pamimba pomwe.

Amuna anga: "Nyumba ikununkha garaja." Adyera pakhonde.

Ndaiika pamwamba pa kabati. Ndikumangodutsa pabalaza popanda chifukwa.

Lachinayi

M'mawa ndaigwira ndi nsonga ya chala. Yauma. Ndapita kuntchito ndikuimba.

Cha m'ma leveni, ababa atulukira kusitolo. Mwendo wa magalasi awo owerengera wathyoka, akufuna akhale bwino pofika Loweruka. Ndawakhazika pampando, ine ndili pa timasikuluu.

Patebulo la odikira pali buku limene adokotala amayezera maso, lija la timadontho ta mitundumitundu tobisa manambala pakati. Ababa akulitsegula, akulitembenuza, akuliika patali, akulibweretsa pafupi.

"Bukuli anakuberani. Tsamba loyamba lokha ndiye lili ndi nambala. Enawa ndi madontho basi."

Sikuludalaiva yandigwa m'manja.

Adokotala amva, atuluka, awatengera m'chipinda. Ine ndaima pakhomo. Tsamba ndi tsamba ababa akupukusa mutu. Pamene ine ndikuona nambala yofiira bwinobwino, iwo akuti palibe kanthu.

Adokotala afotokoza modekha. Maso a ababa sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Anabadwa choncho, si matenda oopsa, mankhwala ake palibe, ndipo amuna ambiri amakalamba nazo osadziwa.

Ababa sakudandaula n'komwe. Akuoneka ngati apatsidwa udindo. Afunsa adokotala kuti awalembere dzina lake la Chingerezi kuti akauze anzawo a kutchalitchi.

Mboni yanga. Mboni yanga yodalirika!

Ndaimbira amayi. Ndawafotokozera za maso a ababa. Kenako: "Tomato."

Tomato wanji, amayi?

"Zaka zonsezi ndikawatuma kumsika amabwera ndi tomato wosapsa. Ine ndimati n'kuuma manja, akufuna wotchipa. Ndawanenera kwa ankhoswe kawiri."

Ndiye kuti amayi ndi amene akunena zoona. Ndege inali yofiira. Yanga ili pamwamba pa kabati, yobiriwira ngati munda wa mpunga.

Palibe vuto! Kafukufuku weniweni ndi ameneyu, choonadi chatuluka. Ndikadali ndi mawa.

Lachisanu

Ndanamizira mutu, sindinapite kuntchito. Mutuwo wayambadi kupweteka cha m'ma naini.

Azungu a pa intaneti akuti penti yakale iyambe yachoka. Atchula mankhwala amene mu Blantyre muno sindinawaonepo. Ine ndili ndi thinala amene amuna anga anatsala naye popenta geti. Ndanyowetsa kansanza, ndapukuta piko lakumanzere.

Penti ikuchoka!

Piko nalonso likuchoka.

Lafewa ngati chingamu, lapindikira pansi. Zala zanga zadinda pamenepo. Kagalasi ka woyendetsa kachita chifunga. Ndathamangira kumpopi, ndatsuka, ndipo propela wapita ndi madzi m'ngalande. Ndamusaka ndi supuni. Ndapeza ndalama yachitsulo yakale ndi chivindikiro cha botolo.

Propela watsopano ndamudula kuchokera ku chigubu cha mafuta ophikira. Akuoneka bwino ukatsinzina diso limodzi.

Thinala ndamusiya. Ndingopaka chofiira pamwamba pa chobiriwira. Kupita ku Ndirande nthawi palibe, ndiye ndatsikira ku saluni ya pamsika wa Chirimba kukagula penti ya zikhadabo. Ali ndi zofiira izi:

- ya magazi
- ya vinyo
- ina yokhala ndi tonyezimira
- ina imene mtsikana wa pasaluni akuti ndi "ya mabwana"

Ndatenga ya magazi, mabotolo onse amene anali nawo.

Ndapaka. Poyamba ikuoneka yofiira ndithu, mtima wanga m'malo. Kenako chobiriwira chapansi chayamba kusungunuka n'kukwera. Zasakanikirana ine ndikuona. Tsopano si yofiira, si yobiriwira. Ndi mtundu wa madzi a mumtsinje wa Mudi mvula ikagwa. Pamwamba pachita makwinya ngati khungu la nkhuku yososola.

Ndabwereka choumitsira tsitsi kwa aneba kuti iume msanga. Piko lakumanja nalo lagwa. Bola tsopano akufanana.

Amuna anga aima, ayang'ana nthawi yaitali. "Tikhoza kungolemba dzina lako pa khadi ya firiji."

Ayi. Ndege zenizeni nazo zimakalamba. Iyi ndi ndege imene yagwira ntchito. Ndaiika m'bokosi la nsapato, ndamanga riboni.

Loweruka

Ku Chilobwe kwadzaza. Tenti, mipando ya kutchalitchi, abale a ku Nsanje ndi ku Bangula afika ndi minibasi yathunthu. Amayi avala chilundu chatsopano, ababa shati yoyera mbee imene amayi anawasungira mwezi wonse.

Firiji yafika pa pikapu itavala riboni. Nthungululu mpaka kumsewu. Achemwali a Esinta akuyenda pambali pake ngati aipanga okha.

Nthawi yanga. Ndagwada, ndapereka bokosi la nsapato. Ababa atsegula.

Onse asuzumira m'bokosimo.

Achemwali, chapansipansi koma momveka: "Ndi chiwala?"

Ababa aitulutsa ndi manja awiri. Sanaiyang'ane pamwamba. Aikweza kupitirira mutu wawo, apendeketsa khosi, akuiyang'ana kumimba, mmene ankaionera ali m'munda. Akhala choncho.

"Ndi yomweyo. Mtundu wake ndi womwewu. Waupeza bwanji, mwanawe?"

Kenako andithokoza m'Chisena, "Takhuta," mawu amene sawatchula wamba, ndipo misozi ikutsika. Azakhali ayamba kulira. Ine ndikulira. Ngakhale achemwali akufufuza kansalu m'chikwama.

Ababa aimirira, akuiulutsa pamwamba pa mitu ya alendo, akulira ngati injini. Munthu wa zaka zimenezi! Afika nayo kwa abusa, afika nayo kwa ophika.

Ndasendera kwa amayi kukapepesa kuti ndinayesetsa kuti ikhale yofiira monga ananenera.

Amayi: "Ine ndinaiona ngati? Ndinatsinzina. Chofiira chimene ndikukumbuka ndi mbendera imene ndinagwera."

Amalume, ali ndi fupa la nkhuku m'manja: "Ndinanena ine. Yachikasu."

Apa ndi pomwe taona shati. Penti sinaume. Pachifuwa pa ababa, m'manja, pakolala, ndi paphewa la abusa pomwe anawagwira, ponse pali mtundu uja wopanda dzina. Ababa akuti sakuona vuto lililonse. Zithunzi zonse za phwando atuluka choncho.

Amayi sanandilankhule mpaka tanyamuka.

Lamulungu

Sopo wakanika. Mandimu akanika. Kutchalitchi ndalandira mgonero ndi zala zonga za makanika.

Pa intaneti mzungu mmodzi wabwera ndi yankho. Akuti ndege zopopera ankazibwereka kumaiko ena nyengo ndi nyengo, ndiye mwina chaka china inabwera yofiira, china yachikasu, china yobiriwira. Wafunsa chithunzi cha yanga. Ndatuluka m'gululo.

Ndege akuti aipachika ndi ulusi pabalaza, pamwamba pa firiji. Yadonthezera kale pachitseko chake. Achemwali alemba pa gulu la banja kuti sakunena kanthu.

Masana foni ya amayi. Ababa akana kupita kumsika. Akuti adokotala anena. Akananso kuthyola mapapaya, kusankha malaya ovala, ndi kuyang'ana ngati nyama yapsa. Akhala pampando, akufotokozera aneba dzina la Chingerezi lija.

Amayi: "Matendawa wawapezera ndiwe. Ndiye kumsika Lamulungu lililonse uzipita ndiwe."

Kuchoka ku Chirimba kukafika ku Chilobwe ndi maminibasi awiri.

Ndafika, ndatenga dengu, ndaima pa benchi la tomato. Wogulitsa akundiyang'ana zala. Ndanyamula mmodzi, ndamutembenuza, ndamuika padzuwa, ndamubweza, ndatenga wina.

"Mayi, tomato yense ndi wakupsa ameneyo."

Ndasankha wofiira. Ndikuganiza kuti ndi wofiira.