Jekete Lokana Kutayidwa

Lolemba
Nkhondo yayamba. Amake Rozina akuti Lamulungu kukubwera a kuchimuna kudzakamba za ukwati wa mwana wathu, ndipo jekete langa lisapezeke pakhomo pano. Likapezeka, iwo akukwera minibasi kupita kwa achemwali awo ku Nchalo, alendo ndilandira ndekha, ndiwaphikira ndekha.
Jekete limeneli! Ndalivala chibadwire Rozina. Dzuwa la kuno losungunula phula, ine ndili momwemo. Milandu yake akuti ndi iyi: fungo la mlamba, dzanja limodzi lalifupi, mabowo osawerengeka, mtundu wosadziwika. Lidali labuluu.
Ndavomera. Ine kutaya zinthu sikundivuta. Fodya ndidamutaya kasanu konse.

Lachiwiri
Ndikumupatsa mlamu wanga Zuze jeketelo, ulere. Akulinyamula ndi kamtengo n'kundibwezera. "Takhuta alamu, koma ndakulakwirani chiyani?"
Kudzala sindingataye. Chovala cha munthu wotchuka ngati ine, thukuta la zaka zonsezi, wina atole apite nacho kwa sing'anga? Ondichitira nsanje kuno angadzaze mabwato atatu.

Lachitatu
Moto! Ndasonkha kuseri kwa khola. Akutulukira azakhali anga, akuti zovala za munthu wamoyo satentha, ndikudziitanira chiyani? Moto wathera kuwotcha mbatata.
Masana ndikuliveka pamtengo kudimba kuti liziopseza mbalame. Dzuwa lisanalowe mwini dimba loyandikana akulibweretsa atalipinda bwinobwino. Akuti akazi ake alipatsa moni katatu osayankhidwa, ndipo akhumudwa kwambiri.

Lachinayi
Nzeru zabwera, monga mwa masiku onse. Shire! M'mawa ndikupalasa bwato mpaka pakati, ndikuliponya. Sindikucheuka. Chabwino, ndacheuka pang'ono. Likuyandama litatambasula manja ngati likundiitana. Kachitsotso kandilowa m'maso.
Ndikumanga bwato padoko, ndapeza lole ya nsomba ikunyamuka kupita ku Bangula. Ndakwera osauza munthu. Ndikagule latsopano pakaunjika, amake Rozina akomoke ndi chimwemwe.

Lachisanu
Bangula. Dzulo belo la majekete sanamasule, ndagona kwa mnzanga wogulitsa mchere. Foni yazima, chaja chili kunyumba.
Lero amasula mochedwa. Ndasankha lakuda, mabatani onse alipo, manja ofanana. Ndikuoneka ngati mwini esiteti ya nzimbe, msika wonse waima kundiyang'ana. Koma likundiluma m'khwapa, ndipo m'thumba mwake mulibe kanthu kanga ngakhale mbedza. Ndigonanso konkuno, ndikafike kukuwala anthu andione bwino.

Loweruka
Ndikufika masana. Pakhomo panga anthu mbwee! Amayi akulira m'nyumba, amuna pansi pa mtengo wa nimu, kwaya yayamba kale. Ndikufunsa kuti wamwalira ndani. Theka la mudzi likuthawa. Zuze walumpha khola la mbuzi, munthu wodandaula bondo chaka chonse.
Nkhani yake ndi iyi. Dzulo asodzi apeza jekete litakodwa m'bango. Kunyumba sindinagone, foni siikugwira. Ndipo chikhalire palibe adaonapo ine kwina, jekete kwina. Ndiye basi, ng'ona. Mabowo onse aja awatenga ngati mano ake. Ntchito ya makoswe imene ija!
A kuchimuna nawo ali pomwepo, amva uthenga, abwera ndi ufa ndi nkhuni kudzapepesa. Tadziwana choncho: iwo zipewa m'manja, ine mzukwa wa mabatani onse.
Amake Rozina akutuluka atakumbatira jekete lamatope. Mawu atha ndi kulira. Akundigwira kumaso, akundigwira khutu, kenaka khutulo akulipotokola. Likuwawa mpaka pano. Sindikudandaula.

Lamulungu
Ku Nchalo palibe wapita. Alendo agona konkuno, ufa wamaliro tadya tikukamba za ukwati.
M'mawa ndavala latsopano. Ana akubisala kuseri kwa amayi awo, azakhali akukana kundipatsa dzanja. Amake Rozina akutenga lakale pachingwe, lochapa, mabowo akuluakulu okha asoka.
"Valani lomweli, bambo ake Rozina, anthu akhulupirire kuti ndinu."
Ndavala. Kutaya ndalephera, ndavomera, ndipo mtima wakhala m'malo. Fungo la mlamba ngakhale Shire walephera kulichotsa. Mkamwini wanyamula mpando wake mwaulemu, wakakhala mbali yomwe kukuchokera mphepo. Mwana wanzeru. Rozina wasankha bwino.