Mbewa Yoyera Inandituma kwa Mkamwini

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano mutu sunakhazikike, anaNkhoma. Tulani kaye ndowazo, mjigo suthawa.

Za Loyida wanga mukuzidziwa. Zaka zikungopita ali pabanja ndi Zakeyu, mwana osaoneka, ndipo mayi ake a Zakeyuyo akumumwetsa mizu mpaka mwana wanga watsala maso okha. Anthu a kafukufuku kuchipatala anamupeza ndi tizilombo m'njira ya chiberekero. Anamupatsa mapilisi, nati mwamuna wake nayenso abwere, apo ayi azingopatsirana, ndipo mizuyo ibwere aiyeze. Zakeyu akuti iye ngwabwinobwino. Nanga ine ndimuuze bwanji? Kwathu kuno mkamwini sitiyang'anana naye. Tikakumana panjira ndimapatukira patchire, kaya pali chitedze.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili pamsewu dzuwa lili pamutu, nditasenza chigubu cha mizu ija. Mwadzidzidzi chigubucho chinalankhula.

"Mayi, yendani bwino, mukundivundula."

"Khala chete, ukundilemera."

"Ine ndachiritsa anthu ambiri, muzindilemekeza."

"Tchula mmodzi."

Chinatsokomola, n'kuyamba kundidonthera m'khosi.

Ndiye ndafika pageti la kafukufuku, mlonda wavala chipewa bwinobwino, koma akamayandikira khosi likutalika, mpaka wasanduka tsekwe. Chipewa chili pomwepo. Akuti wodwala ali kuti. Ndikuti ndamusiya kunyumba. Akuti nanga kumbuyoko mwabereka chiyani. Kucheuka, ndi Loyida, mayi wamkulu ndi nsapato zake, ndamubereka ndi chitenje cha maluwa chija, miyendo ikukhukhuluzika pansi. Sanali kulemera n'komwe, ngati thumba lopanda kanthu. Ndinati, "Iwe, unayamba liti kupepuka chonchi?" Anangogoneka mutu paphewa panga.

Ndiye talowa, mkatimo ndi chipatala komanso ndi msika, anthu ovala zoyera akugulitsa tomato. Nesi anandilandira chigubu, n'kuthira madziwo m'timabotolo, kuwiritsa, kusefa ndi sefa yanga ya tiyi yomwe inasowa pamaliro a agogo a Geli. Ndinati sefayo ndi yanga. Anati zimenezo n'za chipinda china. Akulankhula choncho madontho akumera pa yunifolomu yonse, wasanduka nkhanga.

"Amamwa wochuluka bwanji?" inatero nkhanga.

"Kapu."

"Kapu yaikulu bwanji?"

"Kapu basi. Yomwe yatsukidwa tsiku limenelo."

Nkhanga inagwira mutu ndi phiko. Mwadzidzidzi m'timabotolo muja munabuka mkangano. Nimu akuti watopa, malungo iye, mphere iye, tsopano kubereka iyenso. Gondolosi akuti, "Ine ndimadziwika kwa amuna, muno ndikutani?" Muzu wina wakuda unangokhala phee pakona. Nkhanga inaufunsa dzina, uwo unati sukudziwa, unangozulidwa limodzi ndi anzawo kuseri kwa chulu.

"Ndiye mwana wanga akumwa munthu wosadziwa ndi dzina lake lomwe?" ndinatero.

Nthawiyo n'kuti titafika kale pa depoti. Nkhanga inati tikufuna tione mahomoni, timadzi ta m'thupi tomwe timauza dzira kuti nyamuka, mwezi wakwana. Ine ndimayesa ndiona madzi. Ndinapeza ndi amayi a kwaya, mipango yoyera kumutu, akhala pamabenchi akudya nzimbe. Wamkulu wawo anandigwira mkono.

"Inu ndinu mayi a Loyida? Ife tisanamiziridwe. Timafika mwezi ndi mwezi osaphonya, ngakhale masiku ano tikuyenda njala chifukwa mwiniwake sakudya. Dzira timaliperekeza ndi nyimbo mpaka pamlatho. Pamlathopo ndiye pali anthu."

"Anthu ati?"

"Suzumirani nokha."

Ndiye anandipatsa makina aja oonera tizilombo, ine kusuzumira ndi diso limodzi, n'kugweramo ndi Loyida yemwe. Pansipo pali mlatho wopapatiza, tizilombo tatseka msewu ndi migolo, tina tikuwotcha chimanga, tina tayanika zovala. Ndinati kodi inu si aja anakuthamangitsani ndi mapilisi? Kamodzi, kovala jekete lalikulu, kanati, "Anatithamangitsadi, mayi, tinavutika. Koma thiransipoti tili nayo."

Mwadzidzidzi belu la njinga. Kuyang'ana, ndi Zakeyu pa kabaza wake, akupalasa akuimba mluzu, pakaliyala padzaza tizilombo tatsopano ndi akatundu awo, iye osadziwa kuti wakweza anthu. Ine kungoona mkamwini, miyendo inachita zomwe inazolowera. Ndinadumphira patchire. Koma tchirelo linali mashelefu a mabotolo, zonse zinagwa, phokoso ngati ukwati.

Ndikudzuka pamabotolopo pali mkulu wa kafukufuku, bambo wa magalasi, wandiimirira. Akukweza mwendo umodzi pang'onopang'ono, khungu likusintha mtundu, wasanduka nanzikambe.

"Mayi, muuzeni abwere."

"Muuzeni inuyo, si ndinu ophunzira?"

"Ife timauza amene walowa pageti."

"Ine sindingathe. Ndi mpongozi."

"Ndiye tidikira," anatero, diso lina lili pa ine, lina likuyang'ana chaka chamawa. Mwendo uja anali asanauponde.

Ndiye ndamva wina akundiitana ndi "psss" pansi pa tebulo. M'kakhola ka waya muli mbewa yoyera, yonenepa bwino, maso ofiira. Chilungamo chake, ndinayamba ndaganiza za mchere ndi tsabola. Iyo inati ndichotse maganizo amenewo, ili pantchito.

"Ntchito yanji?"

"Yoyeserapo. Mizu yanuyo amayamba kumwetsa ine, aone ngati ndidwale kapena ndibereke. Amandibaya, amanditenga magazi, amandikweza pasikelo, amandiyeza ngakhale kumene simungatchule. Ndine mwamuna, mayi, ndili ndi banja. Ndafa?"

"Simunafe."

"Nanga wa njingayo ndi ndani kuti asayezedwe?"

Ndinati zimenezo ndikuzidziwa, sindine mwana, vuto ndi mwambo. Mbewa inapukuta ndevu, n'kundifunsa kuti mwambowo unandiletsa maso kapena pakamwa. Ndinati maso. Inati nanga pakamwa ndinabwereketsa kwa yani.

Ndiye belu lija likubweranso. Ndatembenuka, ndapereka msana, ndatsekula pakamwa kuti ndinene, koma mukutuluka masamba okhaokha, nimu, nimu, kenako muzu wopanda dzina uja. Tsekwe akuti nthawi yatha. Amayi a kwaya ayamba nyimbo ya maliro, ine ndikuti siyani, palibe wamwalira. Kugwira kumbuyo kuti ndimukonze Loyida, ndapeza m'chitenje muli chigubu chija, chodzadza, cholemera, chikuti, "Mayi, mwana uja ndamumaliza kumwa." Ndikufuna kukuwa, mawu palibe. Mbewa yatenga jakisoni wamkulu, ikukankha ndi kukoka, fyoo, fyoo, fyoo, nanzikambe mwendo uli m'mwamba.

Ndinadzidzimuka kutayera kale. Fyoo, fyoo ija inali panja, Zakeyu akupopa tayala la njinga. Ndinathamangira kukhitchini, ndinapeza Loyida wakhala pamtondo, kapu ya mizu ili m'manja, akulimba mtima kuti amwe. Ndinamulanda, n'kubwezera m'chigubu, n'kutseka.

Kenako ndinatuluka chammbuyo, anaNkhoma, ngati munthu wokoka mbuzi, mpaka pafupi ndi njinga. Ndinagwada nditayang'ana khoma la bafa.

"Apongozi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, amayi." Anayankha modabwa, chikwatirire sanamvepo ndikumulankhula.

"Lero woyamba kukwera ndi mkazi wanu, ndi chigubu ichi. Mukafika kuchipatala njinga mukaimike, mukalowe nonse. Mukabwerako osalowa, mawa ndidzalankhula nditatembenuka."

Anasiya kupopa. Ine maso pakhoma, ndikuona nyerere zikukwera, mawondo akuwawa. Kenako ndinamva wasuntha, wagwada kutayala lakumbuyo, lomwe amalimbitsa akafuna kukweza munthu. Fyoo, fyoo, fyoo.